Mphindi Makumi Awiri Osaponda Mafuta

Inu amene mukuti zinthu zakukanikani, khalani pansi mumve. Ine zolembalemba sindizikonda, ndiye ndinena kamodzi basi.

Tsiku limenelo mwana wanga wamkazi anali atakhala pa tayala lakutha kuseri kwa galaja, nkhope yonse girisi, misozi ikudula njira m'masaya. Kutsogolo galimoto ya mayi wina, mzamba, inkakuwa ngati ikuphedwa, chonsecho palibe amene ankaiponda.

Mwanayu mayeso omaliza a sekondale analephera kawiri. Bambo ake anali atamwalira. Ndinamuuza kuti abwere tizigulitsa kaunjika, iye n'kukana, akuti akufuna umakaniko. Chaka chathunthu pagalajapo ankangomusesetsa ndi kumutsukitsa masipanala.

Ntchito yoyamba kumupatsa yekha inali ya tsikulo, kutsuka thirotolo ya galimotoyi, kachitseko kolowetsa mpweya mu injini. Kanali katadzaza mwaye. Anakatsuka mpaka mbee, n'kukabwezera. Kuliza injini, singano yoonetsa liwiro la injini inakwera mpaka pa 2, osatsikanso.

Mwini galaja sanachedwe. "Mwini galimoto akubwera masana ano. Akaipeza ikukuwa chonchi, uvule ovolosiyo, usadzabwerenso."

Mwana anandiimbira foni akusisima. Ndinasiya katundu wanga pamsika n'kuthamangira kugalajako, ndili wokwiya kale.

"Walira zokwana, dzuka. Wawononga chiyani?"

"Sindinawononge, amayi. Mapaipi ndaona onse, palibe pakuthawa mpweya. Gasiketi ndaika yatsopano. Mawaya ali m'malo."

"Nanga ikukuwiranji?"

"Kompyuta ya galimotoyi inazolowera mwaye. Inkatsegula kachitseko kwambiri kuti mpweya udutse. Pano mwaye wachoka koma iyo sikudziwa. Pafunika kuchotsa batire kuti iiwale, kenako injini ilire yokha osaikhudza, mpaka izolowere."

"Ndiye ukudikira ndani? Abusa?"

"Ndayesa katatu. Ndikangoliza, a Chiphazi amabwera n'kuponda mafuta. Zonse zimayambiranso."

A Chiphazi ndiye makaniko wamkulu pamenepo. Anaphunzirira pa magalimoto akale opanda kompyuta, ndipo mankhwala awo a chilichonse ndi vuum, vuum! Sangadutse pa injini yolira phazi osawayabwa.

"Wawauza?"

"Ndi akulu, amayi."

"Ukulu wawowo ndi umene uzidya ukachotsedwa?"

Ndinapita kwa mwini galaja. "Bambo, mupatseni ola limodzi, munthu asakhudze galimotoyo."

"Mphindi zisanu, mayi."

"Zisanu n'zophikira dzira. Makumi atatu."

"Khumi."

"Makumi awiri. Ikakanika ndimutenga ndekha, simudzationanso."

Anavomera ndi mutu, n'kuyang'ana wotchi.

Mwana anachotsa batire, kudikira, kubwezera. Anazimitsa wailesi, magetsi, zonse. Analiza injini n'kutuluka. Singano pa 2 pomwe paja. Amakaniko anasiya ntchito zawo n'kuyamba kuonerera.

"Asisi, muipempherere, mwina imva!" anakuwa wina ali pansi pa lole.

Mphindi zisanu zisanathe, a Chiphazi awo, akupukuta manja. "Tachoka, ndiitsegule kukhosi."

Ine pakamwa panandiyabwa, koma ndinaluma mlomo. Ntchito sinali yanga. Ndinangomuyang'ana mwanayo ndi diso lija amalidziwa.

Mwana anakaima pachitseko cha dalaivala. "Bambo, pepani. Lero ayi."

"Iwe mwana wadzana! Ndinayamba kumasula mainjini usanabadwe."

"Ndikudziwa, bambo. Zambiri ndaphunzira kwa inu. Koma iyi mukaiponda, ine ntchito yandithera."

A Chiphazi anayang'ana mwini galaja. Mwini galaja anangoloza wotchi. A Chiphazi anabwerera m'mbuyo akung'ung'udza kuti akazi akalowa m'galaja zimatha choncho.

Mphindi khumi, palibe chosintha. Khumi ndi ziwiri, palibe. Ine thukuta kamukamu, ndayamba kale kuganiza poti ndimuike pamsika. Mwana sanasunthe pachitseko. Fani inayaka, n'kuzima. Kenako kukuwa kuja kunayamba kufewa. Singano inatsika pang'ono, kuima, kutsikanso, mpaka kukhazikika pansi pa 1. Injini inkangong'ung'uza ngati mphaka wokhuta.

Mwini galaja sanasekerere. "Zimitsa, ulizenso."

Anazimitsa, kuliza. Phee.

"Yatsa magetsi."

Anayatsa. Singano inangogwedera pang'ono, n'kubwerera m'malo.

"Mwayi chabe," anatero a Chiphazi.

"Mwayi umenewo ndikuufuna mawa m'mawa," anayankha mwini galaja. "Kuseri kuli ina ya matenda omwewa, yatha sabata inuyo mukuiponda."

Mzamba uja atafika anatenga galimoto yake n'kumapita, osadziwa n'komwe kuti panali nkhondo. Mwana anafuna kundikumbatira. Ndinamukankha, chifukwa bulauzi yanga inali yoyera.

Papita zaka zisanu. Pano ali ndi shedi yakeyake, ndipo amakaniko amadevu amamuimbira foni magalimoto a kompyuta akawazunguza mutu. Zikhadabo zake n'zakudabe, ndipo nkhani imeneyo timakanganabe.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti yankho anali nalo kuyambira m'mawa. Anataya theka la tsiku akulira, pafupifupi kutaya ntchito, chifukwa choopa kuuza munthu wamkulu mawu awiri.

Ndiye inu, mayeso anakukanani, chabwino, tamva. Anthu akukusekani, asiyeni, mano ndi awo. Phunzirani ntchito yanu mpaka muidziwe mkati ndi kunja, ndipo mukaidziwa tsegulani pakamwa, mwaulemu koma osasuntha, ngakhale woima patsogolo panu ali ndi imvi. Mtima musautaye. Dzukani, palibe amene abwere kudzakunyamulani.