Fosholo ya Kuseri kwa Chitseko

Dzina loti Fosholo anamupatsa ndi anthu a mumsewu mwathu, ndipo sanamupatse pomuyamikira ayi. Ndi mwana wa malemu achimwene anga, omwe mowa unawadya mpaka kutsala mafupa okhaokha. Ine azakhali ake ndinamutenga akadali wamamina, ndipo pemphero langa linali limodzi basi: asadzakhale pa benchi ya kubala ija pomwe bambo ake anathera.

Sukulu anamaliza bwinobwino, koma ntchito kaya inabisala kuti. Anayenda m'maofesi mpaka nsapato zinayasama. M'mawa ndikamapita kumsika kukagulitsa zovala, ndinkamusiya pakhonde, maso ali kumbali ya kubala. Ndinkachita mantha, sindinama.

Tsiku lina ndinamupeza ali m'ngalande, matope mpaka m'mawondo. Ngalandeyi imayambira pakhomo pathu kumtunda, n'kutsetsereka ndi msewu mpaka kumunsi, komwe madzi amalowa m'paipi yaikulu yodutsa pansi pa msewu wa tala. Inali itadzaza majumbo, matewera, mabotolo, nthawi zina ndi galu wakufa yemwe, moti mvula ikagwa aliyense ankalandirako timadzi pakhomo pake. Ndinamufunsa kuti wamulemba ntchito ndani. Anati palibe, wangotopa ndi fungo komanso watopa ndi kukhala.

Ndinamukalipira kuti ntchito yaulere sidyetsa munthu, koma mumtimamu ndinkavina. Anakopa anzake ena osowa chochita, ndipo Loweruka lililonse ankalowa m'ngalandemo ndi mafosholo ndi wilibala yobwereka. Anthu ankaseka. Wometa tsitsi wa pakona ankamufunsa ngati satifiketi yake inali ya zinyalala, chonsecho iye yemweyo ankakhuthulira tsitsi la makasitomala ake momwemo. Mwanayo sizinkamukhudza. Anayamba kudzuka m'mamawa, kudya ngati munthu, mpaka kuimba posamba. Kubala ankadutsako osacheuka.

Amene ankawakomera mtima anawo anali mayi wamasiye wosoka zovala, wa nyumba yomalizira kumunsi. Ankakwera chitunda chonsecho ndi chigubu cha madzi akumwa, ndipo anawasokera magolovesi pogwiritsa ntchito zigamba za mathalauza.

Cholakwika chinali chimodzi, ndipo ife akuluakulu ndi imvi zathuzi palibe anachiona. Anawo anayambira pakhomo pathu n'kumatsika, poti munthu amasesa kuyambira pomwe waima. Komatu ngalande amayamba kukonza kumunsi, kuti madzi apeze potulukira. Mvula inabwera msanga asanafike pa paipi ija, yomwe inali yotsekeka ngati mphuno ya chimfine. Madzi omwe kale ankachedwa ndi zinyalala n'kumagawika m'makomo monse, tsopano anathamanga onse pamodzi m'ngalande yoyera bwino, n'kukaunjikana kumunsi. Ife akumtunda sitinanyowe ndi chala chomwe. Khoma la mayi wosoka uja linagwa masanasana, makina ake n'kukwiririka m'matope. Mwayi wake ana anali kusukulu.

Fosholo anathamangira komweko, n'kufukula ndi manja mpaka anatulutsa makinawo. Anthu anamuzungulira, aliyense atasanduka katswiri wa ngalande. Wometa uja ndiye ankatsogolera, eti iye anaziona kalekale kuti zithera pamenepa. Mayi wosokayo sanatukwane. Anayang'ana makina ake, kenako anayang'ana mnyamatayo.

"Mwana wanga, ukanangozisiya zinyalala zija."

Bola akanamumenya mbama. Fosholo anabwerera kunyumba, anatsuka fosholo yake mpaka kuwala, n'kuiimika kuseri kwa chitseko. Ine ndinalankhula zonse zomwe ndimadziwa. Ndinati mtsuko amaswa ndi amene wapita kukatunga madzi, ndinati chaka chamawa adzayambira kumunsi, ndinati oseka aja sanagwirepo ngakhale tsache. Anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinatha mawu.

"Azakhali," anatero, "bambo anga ankangokhala pa benchi. Anagwetsapo nyumba ya munthu?"

Ine wa pakamwa wa kumsika, amene sindigonja kwa kasitomala aliyense, ndinangonyamuka n'kukasonkha moto. Mpaka lero funso limenelo limandiwawa.

Anzake aja anabalalika. Mayi wosoka anasamukira kwa abale ake, ndipo ngalande yadzazanso kuposa kale. Dzulo kumwamba kutada, wometa uja anabwera pakhomo, wopanda ndi manyazi omwe, kudzafunsa ngati Fosholo angakatseguleko ngalande pang'ono kutsogolo kwa shopu yake, chifukwa madzi ayamba kulowa. Ndinangomulozera kubala. Ndinamuuza kuti akamupeza pa benchi ya pafupi ndi khomo, chakumapeto komwe ankakhala bambo ake.

Ndimadutsa pamenepo pochokera kumsika. Akandiona amadzuka, n'kundipatsa moni bwinobwino, botolo atalibisa kuseri kwa mwendo monga ankachitira achimwene.