Loboti Yobiriwira ya ku Pitoliya

Maganizo opita ku Joni anandibwerera mu Juni, chiperoni chitakuta minda ya tiyi moti mnzako wotchola naye mzere umodzi unkangomumva kutsokomola osamuona. Masamba anali atachepa, ndipo akapitawo anatiuza ife aganyu kuti tikadikire mvula kunyumba. Bambo a mwana wanga anali atakwatira kale kwina ku Thekerani. Ndinamuyang'ana Tadala akusewera pakhonde, wa zaka zisanu ndi chimodzi, mapazi ali ng'aling'ali ndi kuzizira, ndipo ndinapita kwa achemwali anga a Felesiya kukawapempha kuti andisungire. Sanandiletse. Anangoti mwanayu savuta, koma ndizimutumizira mawu asadzandiiwale.

Ntchito ndinaipeza ku Pitoliya kudzera mwa mayi wina wa kutchalitchi. Inali yosamalira mnyamata wamkulu ndithu, dzina lake Kagiso, amene miyendo yake inafa pa ngozi ya njinga yamoto. Makolo ake ankachoka m'mawa nkubwera madzulo. Ine ndinkamusambitsa, kumunyamula kumukhazika pa njinga yake ya olumala, kumuphikira. Miyezi yoyamba sankandilankhula. Ankangokhala patsogolo pa kanema wamkulu ngati chitseko, akusewera gemu ya maloboti.

Ndinkaonera chakuba ndikusita zovala. Zinali zimphona zachitsulo, zotalika kuposa nyumba zosanjikizana. Akadina batani, chimphonacho chinkapinda manja, mutu nkulowa m'chifuwa, matayala nkutuluka m'mapewa, basi chasanduka galimoto ikuthamanga mumsewu. China chinkasanduka ndege. Pambuyo pake anadzandiuza kuti maloboti amenewa ankawaonera pa katuni ali wamng'ono, ndipo gemuyi inachokera ku katuniyo. Kale ankasewera ndi anzake, koma anzakewo anasiya kubwera mmodzimmodzi.

Tsiku lina masana ananditambasulira kachipangizo kodinira, maso ali pa kanema.

"Anti, gwirani aka. Mlatho uwu sungawolokeke ndi munthu mmodzi."

Ndinamuuza kuti zala zanga zimadziwa tiyi basi. Iye anati zala zotchola tiyi ndiye zachangu. Pa maloboti onse ndinasankha yobiriwira, yosanduka lole, chifukwa inkafanana ndi ija inkabwera kusikelo kudzatenga masamba athu.

Kuyambira pamenepo masana athu anali amenewo. Ndikamaliza ntchito tinkalowa mumzinda wachitsulo uja, iye akuuluka pamwamba, ine ndikugudubuzika pansi. Mmenemo iye anali ndi miyendo, ine ndinalibe mantha. Kunja kwa geti ndinkayenda chozemba, pakuti masiku a pa pasipoti yanga anali atatha, ndipo ndikaona galimoto ya apolisi ndinkalowa m'sitolo iliyonse. Koma pa kanema ndinkayenda pakati pa msewu, nyumba zikugwedezeka.

Lamlungu ndikakwera minibasi yopita kutchalitchi, ndinkatseka maso nkuona loboti yanga ili ku Thyolo. Inkayenda pang'onopang'ono pakati pa mizere ya tiyi, nkhungu ikuilekeza m'chiuno, osaponda ngakhale tsinde limodzi. Amayi a madengu kumsana ankaweramuka nkuiyang'ana osathawa. Inkafika pakhomo pa achemwali, nkugwada, nkutsegula dzanja, Tadala nkukwera.

Ndalama ndinkatumiza mwezi ukatha, ina ya yunifolomu, ina ya chimanga, yotsala ya malata. Koma mawu ndiwo ankandisowa. Ndikagwira foni kuti ndimujambulire mwana uthenga, ndinkadzifunsa kuti ndimuuza chiyani. Kuti mayi ake amasambitsa mwamuna wamkulu? Kuti amagona m'kachipinda koyandikana ndi agalu? Choncho ndinkamuuza za maloboti. Ndinkamusimbira ngati nkhani yanga yeniyeni, ndi mawu a nthabwala, mpaka phokoso la zitsulo ndinkaliyeserera.

Poyamba ankayankha ndi mafunso ambirimbiri. Kenako mayankho anafupika. Chaka chachiwiri achemwali anati foni ikalira mwanayo amathawira kuseri kwa bafa. Anati ndisadandaule, ana amatero akamakula. Ine ndinaganiza kuti wandikwiyira, ndiye ndinawonjezera nkhani, zazitali kuposa kale.

Ndinabwera patatha zaka zitatu, mu Disembala. Kagiso anali atayamba kupita ku koleji, ndipo amayi ake anandilola kukaona kwathu. Potsanzikana anandipatsa kagemu kam'manja, momwe munali maloboti omwe aja, kuti ndikapatse mwana wanga.

Nditatsika minibasi, tiyi anali atabiriwira ndi mvula yoyamba, ndipo fungo la kufakitale linandilandira ndisanaone munthu aliyense. M'munda momwe ndinkatchola munali anyamata awiri atanyamula makina odulira masamba, akulira ngati njinga yamoto. Nyumba ya achemwali inali ndi malata. Tadala anali atatalika, anagwada nkundipatsa moni ngati mlendo wa kumpingo.

Titadya ndinatulutsa kagemu kaja nkukayatsa. Loboti yobiriwira itangoonekera, mwanayo anaimirira, natuluka, nayamba kuthamanga kulowera m'tiyi. Ndinamutsatira ndikumuitana. Ndinakamupeza atakhala m'kanjira pakati pa mizere, mutu wokha ukuoneka, diresi litanyowa ndi madzi a pamasamba. Ndinakhala pansi pomwepo.

"Munkanena kuti mwafa," anatero osandiyang'ana. "Munkati, lero ndafa kawiri pamlatho koma ndadzukanso."

Mawu amenewo ndinkawanenadi, ndikuseka.

Anandifotokozera pang'onopang'ono. Iye ankakhulupirira kuti ntchito imene ndinapitira ku Joni inali yomenyana ndi zimphonazo, ndipo ndalama za yunifolomu zinkachokera kumeneko. Ankadziwa kuti tsiku lina sindidzadzukanso. Anasiya kumvera mauthenga kuti tsikulo likadzafika asadzalimve. Sanafunse aliyense, ngakhale achemwali, poopa kuti anthu anganene kuti mayi ake ndi mfiti, pakuti munthu wamba safa nkudzuka. Atakula pang'ono anamva kwa anzake kuti magemu otere alipo, koma mantha aja sanachoke.

Anandigwira mkono nkuutembenuza, akufufuza zipsera. Anangopeza cha ayironi.

"Nanga kumeneko munkachita chiyani kwenikweni, amayi?"

Ndinamuuza zonse. Za beseni ndi sopo, za msana umene unkandipweteka ponyamula Kagiso, za apolisi, za kachipinda kaja, za masiku amene ndinkalira ndikutsuka mbale chifukwa ndamva mwana wa nyumba yoyandikana nafe akuitana amayi ake kuseri kwa mpanda. Ndinalankhula mpaka makina aja anasiya kulira ndipo nkhungu inayamba kutsika kuchokera kuphiri. Iye ankangomvetsera, atatsamira phewa langa, akuthothola nsonga za tiyi nkumaziika pamwendo panga.

Zaka zonsezo ndinkayesa kuti kwathu kukufunika nkhani zokoma, kuti zowawa ndizisunge ndekha. Nditamaliza, Tadala anapukuta mphuno ndi dzanja nkundiyang'ana kumaso koyamba chifikireni.

"Mukanandiuza zimenezo," anatero. "Zimenezo sindikanaopa."