Chaka Chimene Bambo Anawina Chisankho

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu chaka chimene dziko lino linkakonzekera chisankho choyamba cha zipani zambiri, ndipo chimene ndimakumbukira kwambiri n'chakuti kwathu kunalibe munthu wokhala pansi. Tinkakhala m'mudzi wina kufupi ndi Malindi. Bambo anga, Che Imedi, ankagula usipa wouma kwa asodzi n'kumakaugulitsa ku Chiponde pa njinga, ulendo wa zitunda zokhazokha woti munthu pofika miyendo siikhalanso yako. Kumeneko n'kumene anakumana ndi mayi, Abiti Saidi, atangothawa nkhondo ku Mozambiki pamodzi ndi achimwene awo. Ine ndi mlongo wanga Yusufu tinabadwira kuno.

Pa chikhalidwe chathu mwamuna ndiye amakamanga kwa mkazi, ndipo ana amakhala a kuchikazi. Mwini wathu weniweni anali achimwene a mayi aja, amjomba Che Bwanali, amene ankakhala pamalo a anthu othawa nkhondo kufupi ndi malire. Koma mkamwini akanakamanga kuti, mudzi wa mkazi utapsa? Choncho amjomba analola kuti mayi akakhale kwa bambo mongobwereka, mpaka kwawo kudzazizire. Aliyense anavomera msanga chifukwa nkhondoyo inkaoneka ngati siidzatha.

Kenaka inatha. Malole anayamba kunyamula anthu kuwabwezera kwawo, ndipo tsiku lina amjomba anatulukira pakhomo pathu, fumbi lili mbuu mpaka m'maondo. Atamwa madzi anawauza bambo kuti, "Alamu, kwathu kwazizira. Mbumba yanga ndikufuna ndipite nayo."

Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndikumva zonse. Mbumbayo ndinali ine, Yusufu ndi mayi. Ku Mozambiki ndinali ndisanapondeko. Ndinkangomva kuti kuli minda imene ukaponda molakwa mwendo umatsala pomwepo.

"Tadikirani chisankho chidutse, alamu," anayankha bambo. "Zinthu zisintha muno, muona nokha."

Amjomba anawayang'ana kwa nthawi, ngati akudikira kuti awonjezerepo mawu ena. Bambo sanawonjezere. "Chabwino, ndidikira," anatero amjomba, n'kutsanzika.

Njira yake inalipo, ndipo bambo ankaidziwa bwino. Mwamuna akafuna kukhala ndi mkazi kwawo mpaka kalekale, amatenga amjomba ake, n'kupita kwa eni mbumba, kukhala pamkeka ndi kupempha chitengwa pamaso pa ankhoswe. Mayi ankawakumbutsa pafupifupi tsiku lililonse. Koma bambo nthawi imeneyo mutu wawo unali utapita ndi kampeni. Padengu la usipa panakhala chimkuzamawu, njinga anaimangirira mbendera ya chipani, ndipo ankachoka m'mamawa n'kubwera mawu atasasa. Usipa umene anagula komaliza unafumbwa m'thumba, tinkangoudya tokha.

Ndisawanamizire, ntchito ija ankaitha. Poti anali atayenda ndi malonda midzi yonse kuyambira kunyanja mpaka kumalire, ankadziwa kumene mudzi uliwonse wapendekera. Amuna ankabwera kudzakhala pansi pa mtengo wathu wa mango kudzangomva bambo akulosera. "Uku tatenga. Uku kuli nkhalamba zowerengeka zamakani, koma akazi awo ndi athu. Kuno ndiye tawina kale, tikungodikira tsiku." Anthu ankaomba m'manja ngati awauza kuti mvula igwa mawa. Aliyense anali ndi chake chimene ankachiyembekezera. Asodzi ankati maukonde atchipa. Azimayi ankati sadzafunsidwanso khadi la chipani polowa mumsika. Mkulu wina wopanda mano ankalumbira kuti boma latsopano likubwera ndi madokotala oika mano. Tinkamuseka, koma chiyembekezo chathu sichinkasiyana kwenikweni ndi chake.

Chathucho chinachokera pamsonkhano wina umene unachitikira pabwalo la mpira. Abwana amene ankaimira dera lathu atatsika pa pulatifomu anawagwira bambo paphewa, n'kuwatchula dzina anthu onse akumva. "Che Imedi, nkhani ya mkazi wanu ndaimva. Tikangolowa, ameneyo ndi Mmalawi, ana ndi Amalawi. Palibe adzawakhudze." Bambo anabwera kunyumba akuyenda ngati atalika. Phewa lija ankaligwiragwira pofotokoza.

Kuyambira tsiku limenelo ine ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti bokosi la voti ndilo lidzanene ngati ndikwere lole kapena ayi. Ndinasanduka wa kampeni woposa bambo. Nsalu ya chipani imene mayi anapatsidwa anandisokera diresi, ndipo sindinkalola kuti lichapidwe. Aliyense wamkulu ndikakumana naye, kaya kumjigo kaya kuchigayo, ndinkamufunsa amene adzamuvotere, akazengereza ndinkamulondola. Ngakhale austazi a kumadrasa ndinawafunsa, tili pakati powerenga, ndipo yankho lake linali kashamu ka m'miyendo. M'kalasi sindinkamva kanthu. Ndikangomva kulira kwa galimoto lalikulu pamsewu, ndinkaimirira kusuzumira pawindo, osadziwa ngati ndi lole la msonkhano kapena lodzatitenga.

Kutatsala pang'ono kuti anthu avote, mayi ananditenga kukaona amjomba ku Chiponde. Tinawapeza akuzula chitseko cha nyumba yawo kuti adzapite nacho. Nyumba zambiri zoyandikana nawo zinali kale zigwembe, madenga atasasulidwa, mbuzi zikulowa ndi kutuluka. Ine ndi diresi langa lija ndinaima patsogolo pawo, manja m'chiuno.

"Amjomba, ife tikawina simutitenga."

Anaika nyundo pansi. "Asiyatu, ine sindikupikisana ndi chipani chilichonse. Bambo ako pakhomo pano akupadziwa, amadutsa apa ndi chimkuzamawu chawo. Abwere ndi amjomba awo tikhale pansi."

"Nanga mukawakaniza?"

"Abwere kaye."

Mawu amenewa ndinawasunga njira yonse, ndipo titangofika ndinawakhuthulira bambo. Anaseka, n'kundinyamula m'mwamba. "Amjomba ako ndi achikale. Masiku ano zinthu zikuyenda ndi boma, mwana wanga." Ndinasekanso nawo, mtima n'kukhala pansi. Panapita zaka kuti ndimvetse chimene chinali kuseri kwa kuseka kuja. Bambo ankachita manyazi. Munthu amene abwana anamugwira paphewa pamaso pa gulu, akavule nsapato ndi kugwada kwa mlamu wothawa nkhondo, wodya nandolo wa chithandizo? Anaona kuti n'kwapafupi kusintha boma la dziko lonse.

Tsiku lovota linafika. Mayi analibe voti, choncho anatsala akupeta mpunga, ine n'kuwathawa kukaima pafupi ndi sukulu kumene kunali mzere. Ndinkayang'ana nkhope ya aliyense wotuluka kuti ndione ngati watipereka. Masiku odikira zotsatira bambo sanachoke pawailesi, chakudya ankadya ataimirira. Ndipo zitatuluka zinali ndendende mmene ankanenera. Chipani chawo chinawina, abwana aja anakhala phungu. Mudzi wonse unathamangira kumsewu, amayi akuyala zitenje pansi, anyamata atawanyamula bambo pamapewa. Ine ndinathamangira kunyumba ndikukuwa kuti, "Mayi, sitipitanso! Sitipitanso!" Mayi anangondiyang'ana n'kundiuza kuti ndikatunge madzi.

M'mawa mwake bambo anachapa malaya, n'kupalasa njinga kupita ku boma kukaonana ndi aphungu. Kumeneko anauzidwa kuti aphunguwo atopa, abwere mawa. Mawa lake anali pamsonkhano. Kenaka aphunguwo anapita ku Zomba, kunyumba ya malamulo. Bambo sanagwe ulesi, ankapitabe, n'kumakhala pakhonde la ofesi pamodzi ndi anthu ena ambirimbiri. Pambuyo pake anadzatiuza kuti pakhonde paja pafupifupi aliyense anali atagwidwapo paphewa. Sindikuti aphunguwo anali munthu woipa. Mwina nkhani yathu ankaikumbukira ndithu. Koma ngakhale akanaikumbukira, akanalamula chiyani pa mbumba ya eni ake?

Amjomba analola ulendo wina wa malole kuwasiya. Unabweranso wina, anausiyanso. Anzawo onse anapita, iwo n'kutsala m'nyumba yopanda chitseko. Tsono tsiku lina m'mawa anafika kwathu n'kunena kuti malole omaliza a kudera lawo anyamuka mawa. Bambo anali atapita kale ku boma. Mayi anatuma mnyamata wa pafupi kuti akawaitane. Amjomba anakhala pansi pa mango, nkhope ataloza kumsewu. Anapemphera swala ya masana pomwepo, n'kukhalanso. Mnyamata uja anabwera yekha, n'kunena kuti bambo akuti aphungu afika lero lomwe, sangachoke pamzere, alamu adikire pang'ono.

Amjomba anaimirira n'kusasa fumbi kumkanjo. "Mlongo wanga, ndikakusiya popanda wondipempha, kwathu akakandifunsa ndikati ndinakutaya kuti? Mawa ukadzadwala kuno, wokuyankhira ndani?" Mayi sanatsutse. Analira mopanda phokoso akumanga mapoto m'chitenje. Ine ndinakakamira mzati wa khonde mpaka anachita kundimatula zala.

Tinagona ku Chiponde, ndipo kutacha tinakwera lole. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni, maso ali pamsewu wochokera ku Mangochi, njinga iliyonse ndikuyesa ndi ya bambo. Titadutsa pachipata cha malire ndinawatembenukira amjomba ndi ukali wonse wa mwana, n'kuwauza kuti ndi munthu wankhanza. Sanakwiye. Maso awo anali ofiira.

"Akanabwera ndikanawapatsa," anatero. "Ukuganiza kuti ine ndikufuna kukakuyendetsani m'minda ya mabomba? Ndinangofuna andipemphe."

Bambo anatilondola mvula yoyamba itagwa, ataonda, njinga ilibe mbendera. Anagwada, anapempha, zonse zimene ankazikana anazichita. Koma nthawi imeneyo nkhani sinalinso m'manja mwa amjomba okha. Akuluakulu ena a mbumba anali atabwerera kuchokera kumene anathawira, mayi atapatsidwa munda, chimanga chitamera. Anawayankha mwaulemu kuti mudzi ukufunika anthu, mkamwini amange pompo. Bambo anamanga. Ine ndinayambiranso sukulu m'Chipwitikizi, chinenero chimene sindinkamvapo ngakhale moni. Za Malawi watsopano uja bambo ankangozimvera pawailesi, akusema mipini pakhonde, ndipo chisankho chikayandikira kuno ankaloserabe, osaphonya.

Ndinabwerera ku Mangochi nditakula, ndipo ndimavota nthawi zonse. Kampeni ikayamba mtima wanga umayambanso kuthamanga ngati kale. Ndikamva anthu akuimba kuti tawina kale sindiwaseka, chifukwa ndikudziwa kukoma kwake, ndiponso nthawi zina amakhala akunena zoona. Bambo sanalakwitse kulosera, ndipo sanalakwe kuyembekezera. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti anatenga ntchito imene inali yawoyawo, yongofuna miyendo yawo ndi maondo awo, n'kuisenzetsa chipani. Chipanicho chinawina zimene chinkapikisanira. Ife sitinali pamndandanda wa zimenezo.

Ndimawakondabe, ndipo masiku ena ndimawakwiyirabe. Anawinitsa chipani m'midzi yonse kuyambira ku Malindi mpaka ku Chiponde, koma manda awo ali tsidya linalo la malire, m'dziko limene sanaponyemo voti ngakhale kamodzi.