Bedi la mdzukulu wa Adalaivala

Aneba athu, amene tonse timangowatchula kuti Adalaivala, anayendetsa basi zaka makumi atatu osachedwapo ndi tsiku limodzi lomwe. Koma chipumireni pa ntchito, palibe chimene anayamba n'kumaliza. Ine si wamiseche, kungoti khoma lathu ndi lopyapyala.

Atangokhala pakhomo analengeza kuti tsiku lililonse lizikhala ndi phindu lake. Anakhoma kalendala yaikulu pabalaza: Lolemba gitala, Lachiwiri nkhunda, Lachitatu ukalipentala, Lachinayi kuwerenga buku. Gitalayo mpaka lero amangoichuna. Khola la nkhunda lilibe denga, moti nkhundazo zimagona pa denga langa, ndipo zimene zimachita pa zochapa zanga ndisanene. Bukulo mayi akunyumba kwawo amavundikirira mkaka.

Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, atabereka, Adalaivala analonjeza kuti kabedi ka mdzukulu akhoma ndi manja awo. Tepi saikhulupirira, ati manambala amawazunguza mutu. Khandalo analiyeza ndi chingwe n'kumangapo mfundo. Matabwa anagula ndithu. Koma likafika Lachitatu, mwina sowo yabuntha, mwina msana. Mwana akabwera kudzacheza, apeza wakula, amuyezanso, mfundo ina. Chingwe chomwecho anayezeranso zenera, khola la nkhunda, ndi chiuno cha mayi nthawi imene anaganiza zophunzira utelala.

Chaka chino mdzukuluyo wayamba sukulu. Lachisanu lapitali namwino anafika nkhope ili gwa.

"Ababa, tchuthi chayamba. Mwanayu ali ndi chifuwa, pansi sangagone. Ndikabwera mawa madzulo bedi kulibe, akakhala kwa agogo ake enawo."

Agogo enawo ndiye asewere awo, anthu a mabedi atatu ndi pakamwa posatseka. Adalaivala mdzukuluyo amamukonda zedi, ndipo amawerenga masiku kuti tchuthi chifike.

Loweruka m'mawa anandiitana pa mpanda kuti ndikawagwirire thabwa. Ndinawapeza atayala chingwe pakhonde, mfundo ngati khumi ndi zisanu, thukuta lili kamukamu.

"Aneba, mfundo ya mwanayu ndi iti?"

"Mukufunsa ine? Ndinalipo?"

"Mayi, tabwerani. Ya mwana ndi iti apa?"

"Yomaliza," anatero mayi ali kukhitchini.

"Yomaliza kuyambira mbali iti?"

Mayi anatuluka, n'kutembenuza chingwecho kawiri. Nsonga zake zonse n'zofanana.

"Iyi ndi yanga," anatero akuloza ina, "ndipo musamaonetse anthu."

Ine ndinati bwanji osangoimbira foni namwino, amuyeze mwanayo komweko.

"Adziwe kuti sindinayambe n'komwe?"

"Inu, akudziwa kale. Msewu wonse ukudziwa."

Sanandimve. Anayamba kukumbukira mokweza: iyi chaka chimene anamera mano, iyi zenera, ayi, zenera linali lisanasweke, ndiye kuti iyi nkhunda. Nanenso mutu unayamba kuzungulira. Pomaliza anatsinzina n'kusankha mfundo ziwiri, ina ya mulitali, ina ya mulifupi. Ndiye kucheka, kukhoma, kuzula, kukhomanso. Hamala inaphonya msomali n'kupeza chala changa, iwo n'kupepesa thabwa.

Pofika folo koloko chinthucho chinaima ndi miyendo inayi. Tinachiyang'ana tonse atatu. Mulitali ndi mulifupi chimodzimodzi, ngati bokosi lopanda chivundikiro.

Namwino atafika ndi mwana anachizungulira kawiri, chikwama chili m'manja.

"Ababa, kumutu ndi kuti?"

"Kulikonse kumene mwana wafuna."

"Nanga matilesi otere mukawapeza kuti?"

Apa Adalaivala anayang'ana mayi, mayi anayang'ana ine, ngati ndine ndinasankha mfundozo. Mdzukulu sanadikire mlandu. Anakwera, anayesa kugona chowongoka, mapazi anatulukira kunja. Anatembenuka, anatulukiranso. Kenako anagona chopingasa, mutu pa kona iyi mapazi pa kona inayo, n'kukwana bwinobwino.

"Agogo, ili ndi langa ndekha?"

"Lako wekha, palibenso wina angalithe."

Namwino analikanikiza ndi bondo. Linalira pang'ono koma silinagwe. Anauza mayi ake kuti apindepo mabulangete atatu, n'kuika chikwama pansi.

"Ndidzabwera Lachitatu. Ndikadzamva kuti wagwa ngakhale kamodzi, ndikumutenga."

Ine ndinabwerera kwanga ndi chala chotupa. Mwanayo alipobe, ndimamumva akuseka m'mawa. Anthu akandifunsa ngati bedilo linatheka, ndimangowauza kuti akaone okha, poti ine ndinagwira nawo thabwa koma chimene tinapanga sindikuchidziwa.