Dothi Lomwe Munkabweza Kumtunda

Abambo, lero m'kalasi ku Hatfield ationetsa mapiri a ku Girisi, momwe mphamvu za pansi pa nthaka zimawatukulira m'mwamba kwinaku mvula ikuwadya pang'onopang'ono. Ine ndimangoona inu.

Mukukumbukira tsiku lija mvula ya matalala inakokolola dimba la abwana anu ku Capital Park? Ndinakupezani mukubweza dothi kumtunda pa wilibala, malaya atanyowa ndi thukuta. Ndinati, "Eish, mvula ikagwanso litsikanso limeneli." Inu osacheuka n'komwe, munangoti, "Likatsika ndidzalikwezanso. Gwira fosholo."

Mayeso a phunziro la za mapiri lija ndinalephera chaka chomwe munatisiya, moti ndinatsala pang'ono kusiya sukulu. Mawa ndikulembanso. Pumulani Abambo, fosholo ija ndaigwira.