Apositi Afuna Chitengwa

Alamu anga a Malcolm sadziwa kukhala pansi. Ngakhale kutchalitchi amakhala ngati pabenchi pali linthumbu, mwendo uli njenjenje, maso kukhomo. Ine ndine Mervis, ndimagulitsa tomato ndi anyezi pa Songani, ndipo iwowa anakwatira mng'ono wanga Tawina. Ndiye ndikamawanena musati ndikuwajeda, pachilamu timanenana ndithu, palibe amapita nazo kubwalo.

Kwawo ndi ku Phalombe. Anabwera kuno kwa Malemia ali mnyamata, atapeza ntchito ya umesenjala papositi, ndipo dzina la Malcolm linathera pomwepo. Mwana ndi wamkulu yemwe amangoti Apositi. M'mawa ankalandira thumba la makalata lochokera ku Zomba, kusankhasankha, kumanga pakaliyala wa njinga, uyo wapita. Masukulu, matchalitchi, mzikiti, kachipatala kakumtunda, konseko ankafika. Paja ife akumudzi tilibe bokosi lathulathu kupositi, timabwereka keyala ya sukulu kapena ya mpingo, ndiye kalata inkatha kugona mwezi mudirowa ya ahedi mwini wake asakudziwa. A Malcolm zimenezo zinkawadwalitsa mutu. Ankaitenga okha kalatayo mpaka pakhomo pa mwini wake, chonsecho palibe anawatuma. Dzinja, mtsinje wa Domasi ukadzaza, umawapeza atakwinya buluku, njinga paphewa, thumba atalikulunga m'pulasitiki ngati khanda.

Tawina anamudziwa m'njira yomweyo. Anabweretsa phukusi kwa malemu mayi athu, napempha madzi, kumwa chiimire, maso ali pa mtsikana wopereka chikho. Kuyambira pamenepo njira ya kupositi inayamba kudzera pakhomo pathu, ngakhale kunali kozungulira. Anatuma ankhoswe, ukwati unachitika, anamanga nyumba pamalo a mayi athu monga mkamwini aliyense, ndipo Mulungu anawapatsa ana awiri aakazi, Anita ndi Jenifa.

Kenako kunabwera mafoni, thumba lija linayamba kuphwa. Ndani lero angakhale pansi kulembera chibwenzi kalata? Zinatsala ndi za kubanki, za kukhoti ndi maphukusi ochokera ku Joni. Mungaganize kuti ntchito inapepuka, koma ayi ndithu. Anzawo opuma sankalowedwa m'malo, ndiye a Malcolm omwewo kusesa, omwewo kukhala pakauntala, omwewo kupalasa. Nambala yawo ya foni inali ndi chigwa chonse. Phukusi likachedwa kumalire, wotukwanidwa anali iwo, ngati ndi amene akuyendetsa lole. Ukafika pakhomo kuti munthu asayine, wapita kumunda. Ukabwerako osasayinitsa, abwana akufunsa. Njinga nayo inakalamba, chubu chinali zigamba zokhazokha. Ankafika kunyumba dzuwa litalowa, foni ikulirabe m'thumba.

Apa m'pamene anayamba matenda a mapulani. Ankaima pabenchi yanga, phazi limodzi pansi lina papedulo, n'kundiuza kuti alamu, ntchito iyi yatha, ndigula njinga yamoto ndiyambe kabaza. Sabata yotsatira kabaza waiwalika, akupita ku Joni. Kenako akufuna kukhala pansi pa ambulera n'kumatumizira anthu ndalama za pafoni, munthu woti sangathe kukhala pampando mpaka tiyi azizire! Kenako mpunga wa ku Chilwa kukagulitsa ku Limbe, kenako nkhuku za mazira. Ndinkawauza kuti alamu, mapanga awiri avumbwitsa, nanga inu anuwa ndi angati? Ankangoseka, kutola tomato mmodzi osalipira, n'kupalasa.

Chaka chino, kuzizira kutangoyamba, abwana awo mayi Scholastica anawaitana n'kuwauza kuti ulendo wa njinga ukutha. Akuluakulu akufuna anthu ku Blantyre, onyamula maphukusi pa njinga yamoto, ndipo awaphunzitsa n'kuwapezera laisensi. Asankhe: mwezi ukamatha akayambe kumeneko, apo ayi ntchito yathera pano. A Malcolm anatuluka muofesimo ngati awina mpikisano. Njinga yamoto ija ankailota yabwera yokha, ntchito osataya, penshoni osataya. Chinatsala ndi banja. Iwo sankafuna zokhala kutauni okha, ankafuna Tawina ndi ana omwe.

Koma kuno mkazi sumangomunyamula ngati mtolo wa nkhuni. Mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi, malo ndi a mkazi, ana ndi a kwa mkazi. Ukafuna kuchoka naye umapempha chitengwa kwa atsibweni ake, ndipo supempha ndi pakamwa pako, umatuma ankhoswe ako akakambe ndi ankhoswe anzawo, atakhala pamphasa. Izi ngakhale mwana wa sitandade wani akudziwa. Nkhoswe ya a Malcolm ndi achimwene awo aakulu, a ku Phalombe konko.

Nanga alamu anga anadikira? Tsiku lomwelo, ali pa ulendo wawo wa makalata, anakhotera pa Naisi. Atsibweni athu ndi telala, amasoka pakhonde pa golosale ina pamenepo, munthu wofatsa, wokonda nthabwala, sindinawamvepo akukalipa. Panali amayi odikira mayunifolomu a ana, ena akuyezedwa. A Malcolm anaima kutsogolo kwa makina, njinga ili pakati pa miyendo, chipewa chili kumutu.

“Apongozi, andisamutsira ku Blantyre, ndiye ndimati ndiwatenge amayi a Anita ndi ana. Mwavomera eti? Ndikuthamangira kusukulu.”

Atsibweni anaimitsa makina, navula magalasi, n'kuwayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kumatayala.

“Ndisayine pati, Apositi?”

Khonde lonse linafa nacho chiseko. Atsibweni sanaseke nawo. Ananena motsitsa mawu kuti mwana wa mlongo wawo si phukusi, ndipo pamene a Malcolm ankamufuna Tawina anatuma anthu, ndiye apite akatenge anthu omwewo. Atatero anabwezera magalasi n'kupitiriza kusoka.

Nkhaniyi inandipeza pa Songani dzuwa lisanafike paliwombo, makondakitala a minibasi ndiwo anabwera nayo, aliyense akuwonjezera mchere wake. Abale inu, manyazi amene ndinachita! Madzulo ake ndinawadikirira pamsewu n'kuwasambitsa chokweza. Ndinawafunsa ngati ku Phalombe kulibe mphasa, kapena ngati anabadwira pachishalo cha njinga. Iwo anati nthawi yachepa, ndipo iwo akudziwa bwino mmene uthenga umagonera m'manja mwa anthu, bola kukapereka wekha. Ndinawauza kuti kuthamanga si kufika, tsopano mtunda wawutalikitsa okha.

Ndipo unatalikadi. Lamlungu anapita ku Phalombe, n'kupeza achimwene awo atamva kale, atakwiya kuti awadumpha ngati chitsa. Anati sangapite kukachita manyazi kwa eni mbumba popanda nkhuku yopepesera, komanso ali pakati poumba njerwa, adikire amalize. Masabata amenewo a Malcolm anaonda ndikuwaona. Foni kukhutu nthawi zonse, uku akunyengerera achimwene, uku akufunsa mnzawo wa ku Bangwe za nyumba ya lendi, uku mayi Scholastica akufuna yankho. Tsiku lina anasiya makalata a kumzikiti kwa abambo mfumu kuparishi, zimene sanachitepo chiyambire ntchito. Madzulo ankabwereka njinga yamoto kwa anyamata a kabaza kuti aphunzireko, mpaka anakagwera m'ngalande n'kusupuka chigongono. Ndinawamvera chisoni, ngakhale kuseka ndinaseka.

Tawina nthawi yonseyi sankanena kanthu. Iye ndi wotero chibadwire, ine ndinatenga pakamwa pa tonse awiri. M'mawa ankapita kudimba limene mayi anatisiyira m'mbali mwa mtsinje, kuthirira mpiru ndi repu, masana kumanga masamba a maoda, madzulo kuphikira ana.

Achimwene aja anafika Loweruka lomaliza mwezi usanathe, tambala ali kukhwapa. Tinayala mphasa pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa malemu mayi. Kupepesa kunachitika, tambala analandiridwa, ndipo achimwenewo anaipereka nkhani bwinobwino, mwaulemu, mpaka ine mtima unatsika. Atsibweni anayankha kuti iwo alibe chifukwa ndi mkamwini ameneyu. Wamanga nyumba, sanamenyepo mkazi, anadwazika apongozi ake mpaka kuwaika m'manda. Ngati ntchito yamuitana, iwo sangatseke njira. A Malcolm anali atayamba kale kudzuka, dzanja likupita kuthumba la foni kuti awauze abwana, pamene atsibweni anatembenukira kumene tinakhala amayi n'kunena kuti tsopano timve mwini wake.

Tawina anakonza chitenje, maso ali pamphasa.

“Ine nkhaniyi ndinaimva kwa amayi odzaoda masamba. Abambo a Anita afika ku Naisi, afika ku Phalombe, pafoni afika mpaka ku Bangwe, koma kwa ine sanafike.”

A Malcolm anati iwo ankayesa kuti agwirizana. Tawina anawafunsa kuti anagwirizana liti. Zinali zoona, sanagwirizanepo. Ankanena za Blantyre m'nyumbamo tsiku ndi tsiku, akuvala nsapato, akupopa njinga, koma kufunsa sanafunse.

“Zaka zonsezi ndakhala ndikukudikirani,” anapitiriza Tawina, tsopano akuwayang'ana. “Mumachoka m'mawa, mumabwera kutada, sindinadandaulepo, chifukwa ndimadikira ndili m'dimba mwanga. Kutauniko ndikadikira ndili pati? Pakhonde pa eni nyumba, nditapinda manja? Ndipo ndikachoka, m'dimba la amayi mulowa ena, mukuwadziwa abale athu. Ana angawa adzalima pati? Ine sindipita.”

 Achimwene a ku Phalombe anayang'ana mng'ono wawo n'kupukusa mutu. Atsibweni anati munthu si mbuzi yoti n'kuikoka ndi chingwe, ndiye iwo mawu awo athera pamenepo. Ine mtima unagawikana. Mng'ono wanga ananena zoona zokhazokha, koma nkhope ya alamu anga sindinkatha kuiyang'ana.

Lolemba anabwera pabenchi yanga wapansi, njinga atakabweza kuofesi. Sanabwere ndi pulani ina iliyonse. Anati aganiza zotsala, koma atsala n'kumachita chiyani? Munda si wawo, msinkhu wopikisana ndi anyamata a kabaza unapita, ndipo mkamwini wopanda ntchito ngakhale nkhuku za pakhomo zimamuderera. Anita akulowa sekondale chaka chamawa. Ndiye apita okha, azibwera mwezi ukatha. Ndinawauza mosabisa kuti mawu amenewo ndawamva kwa amuna ambiri okwera minibasi pa Songani pano, ndipo ena mwa iwo ana awo anawaiwala nkhope. Sanakwiye. Anangoti alamu, muzindionerako anawo.

Tsiku lonyamuka kunali chiperoni, kamphepo kozizira kochokera kuphiri. Anafika pasiteji ndi chikwama chimodzi, ana atatsanzikana nawo kunyumba popita kusukulu. Tawina sanabwere. Minibasi yoyamba anaikana, ati yadzaza, chonsecho munali malo. Ina anati matayala ake sakuwakhulupirira. Maso anali kunjira yochokera kumudzi, ndipo aliyense wovala chitenje akatulukira pamenepo iwo ankatalika khosi. Mapeto ake kondakitala wina anangotsomphola chikwama chija, monga amachitira, n'kuchiponya kumbuyo, ndipo a Malcolm anatsatira chikwama chawo. Galimoto ikunyamuka anali akuyang'anabe kunjira ija.

Ndinamusiyira benchi mnzanga Rahema n'kuuyamba wa kumudzi, mtima uli phuliphuli. Kukana kupita Tawina ndinamumvetsa, koma kulephera ngakhale kuperekeza mwamuna pamsewu? Mawu ndinawakonza njira yonse. Kunyumba kwake ndinapeza kotseka, ndiye ndinatsikira kudimba.

Ndinamupeza ali ndi kheni m'manja, akuthirira bedi limodzi la mpiru. Madzi anali atadzaza kale mpaka kusefukira m'kanjira, mbewu zitagona m'matope, iye akuthirabe pomwepo. Sanatembenuke.

“Akwera, achemwali?”

Ndinati akwera.

“Juzi yawo atenga? Ndinaichapa dzulo, ndinayanika kuseri kuti iume msanga. Ku Blantyre kumazizira.”

Ndinali nditadzera kuseri kwa nyumbayo pobwera, ndipo ndinaiona. Ndinamuuza kuti ikadali pachingwe. Tawina anatula kheni, anakhala pansi m'matope momwemo, chitenje kumaso, n'kuyamba kulira.