Mafilimu amene ankandisankhira ali ku Joni

Bambo a mwana wanga ndinawadziwa chifukwa cha buluku. Nthawi imeneyo ndinkaphunzira kusoka kwa mayi wina pafupi ndi depoti ya Mangochi, iwo akugwira ntchito yoperekera zakudya pa hotela ina ku Nkopola. Anabwera ndi buluku la yunifolomu loti tilipinde miyendo. Podikira, anakhala pa benchi n'kuyamba kundifotokozera filimu yachimwenye imene anaonera dzulo lake. Ine sindinawafunse, koma ndinapezeka kuti ndasiya kupalasa makina. Atafika pakati pa nkhani anangosiya, n'kunena kuti zotsalazo ndikaone ndekha. Patapita masiku anayi anabweranso ndi buluku lina, lomwe linalibe vuto lililonse.

Tinamanga ukwati chaka chotsatira ndipo tinakakhala ku Nkopola, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa msewu. Tsiku lawo lopuma linali Lolemba. Tikadya chamasana tinkatseka chitseko, kukoka katani, n'kuyatsa kanema wathu wamng'ono uja. Pa mafilimu sitinkagwirizana. Ine ndinkakonda a ku Nigeria, aja anthu amakalipirana pa geti, apongozi akuthamangitsa mkamwana ndi tsache. Iwo ankati amenewo ndi phokoso chabe. Awo anali oyenda pang'onopang'ono, moti munthu amatha kukhala pawindo nthawi yaitali osalankhula kanthu. Ndikayamba kusinza ankandigwedeza phewa n'kundiuza kuti ndiyang'ane manja a munthuyo, pakuti nkhani yonse ili m'manjamo. Pang'ono ndi pang'ono ndinaphunzira kuonera mmene iwo ankaonera.

Mliri uja utabwera alendo anasiya kufika, ndipo hotela inachepetsa antchito. Anayesa kugula usipa ku Nkhudzi n'kumakagulitsa ku Liwonde, koma sizinayende. Misewu itatseguka anachita zimene amuna ambiri a kwathu amachita, anakwera basi ya ku Joni. Mwana wathu wamkazi anali ndi zaka zitatu. Ine ndinabwerera m'tauni, ndinapeza kakhonde koikapo makina anga.

Ku Joniko anapeza ntchito mu lesitilanti. Lachisanu lililonse akatuluka mu msikiti ankanditumizira uthenga wa mawu pa foni. Poyamba moni, kenako za mwana, kenako ankatsokomola pang'ono, ine n'kudziwa kuti tafika pa filimu ya sabata imeneyo. Ankanditchulira dzina lake kawiri kuti ndisalakwitse, n'kufotokoza chiyambi chokha. Loweruka ndinkapita pamsika kumene amaika mafilimu m'mafoni. Lamulungu masana ndinkatsamiritsa foni pa makina n'kuonera, iwo akuoneranso komweko, ndipo ikatha tinkaimbirana.

Ena ndimawakumbukira mpaka lero. Panali ya ku Tanzania ya bambo wokonza mawotchi amene anayamba kuiwala mayina a ana ake, koma osaiwala kukonza wotchi. Panali ina ya azimayi awiri apachibale amene anakangana chifukwa cha munda wa amayi awo, n'kukhala zaka zambiri akudutsana pachitsime osapatsana moni. Imeneyo ndinalira mpaka mwana anandifunsa ngati ndadzibaya ndi singano. Nditawauza pa foni anaseka, n'kuvomera kuti iwonso anakabisala m'bafa kuti anzawo a pachipinda asawaone misozi. Anzanga amene amuna awo analinso ku Joni ankandichitira kaduka. Ankati awo akaimba amangofunsa za njerwa ndi malata, pamene ine ndi wanga timacheza ngati tikadali pa chibwenzi. Zinayenda choncho zaka ziwiri, ndipo sindinadzione ngati mkazi wosiyidwa.

M'chaka chachitatu mafilimu anayamba kusintha. Anandiuza ya ku Nigeria ya phokoso lenileni, sabata yotsatira ina yoseketsa, kenako ina yachikondi ya magawo ambirimbiri, ya mtundu umene kale sakanaupirira ngakhale pang'ono. Ine ndinasangalala. Ndinaganiza kuti kusungulumwa kwawafewetsa mtima, tsopano akufuna kuonera zimene mkazi wawo amakonda. Ndinafika powaseka kuti mwagonja. Tsiku lina mu uthenga wawo anati, "Imeneyi usaiphonye, tinaseka mpaka nthiti kuwawa." Nditafunsa kuti anaseka ndi ndani, anati ndi anzawo aja a pachipinda. Ndinakhulupirira.

Miyezi ingapo itadutsa apongozi anga anabwera pa khonde langa ndi nsalu yofewa ya maluwa achikasu. Anati ndisoke timadiresi titatu ta khanda, n'ta mdzukulu wa mnzawo wa kumadrasa. Ndinatisoka mosamala, ndinaikamo ndi timabatani tooneka ngati nkhono timene ndinkasungira mwana wanga. Pobwera kudzatenga sanakhale pansi ngati mwa masiku onse. Anati akuthamangira galimoto.

Amene anandiuza anali mlamu wanga, mchemwali wawo wamng'ono wa bambo a mwana. Anafika m'mawa ndikutsegula kumene, n'kukhala pa mpando wa makasitomala osavula nsapato zake zafumbi. Anati wakhala masiku atatu osadya bwino chifukwa cha nkhaniyi. Achimwene ake anakwatira mkazi wina ku Joni chaka chatha, mtsikana wa ku Namwera, ndipo tsopano kwabadwa mwana wamkazi. Timadiresi tija tinapita pa galimoto ya anthu onyamula katundu wa ku Joni. Banja lonse linkadziwa. Anagwirizana kuti mwini wake ndiye adzandiuze, koma miyezi inkangopita.

Sindinalire pamaso pake. Ndinamuthokoza, ndinamaliza kupinda siketi imene inali pa makina, kenako ndinaimba foni. Anayankha ali kuntchito, mbale zikumveka kugundana. Sanakane. Anati amadikira nthawi yabwino, anati moyo wa kumeneko ndi wovuta kwa mwamuna wokhala yekha, anati chipembedzo chathu chimalola. Ndinawayankha kuti zimenezo ndimazidziwa, amayi anga nawonso anali pa mitala, koma iwo anauzidwa maso ndi maso ukwati wachiwiriwo usanachitike. Kenako ndinafunsa funso limene sindinalikonzekere.

"Mafilimu aja mwakhala mukundiuza chaka chino, amasankha ndani?"



"Ena ndi iyeyo," anatero.

Anthu ndikawafotokozera amaganiza kuti chimene chinandipweteka kwambiri ndi timadiresi tija. N'zoona tinandipweteka. Koma chimene chinandigoneka pamphasa masiku awiri ndi yankho limenelo. Chaka chathunthu ndinkakhala Lamulungu masana ndi foni pa makina, ndikuseka, ndikuganiza kuti ndili ndi mwamuna wanga. Chonsecho ndinkaonera zimene mkazi wina wasankha, iwo ataonera kale limodzi, atakhala pa bedi limodzi, ine n'kumalandira zotsala ngati munthu wobwera mochedwa pa sadaka.

Bambo a mwana anabwera pa chikondwerero cha Idi ya chaka chotsatira. Ankhoswe anakhala pansi kwa amjomba anga, alongo a mayi anga, ndipo anthu anayesetsa. Apongozi analira, anapepesa za nsalu ija. Bambo a mwana analonjeza kuti adzatisamalira tonse mofanana, ndipo ndikukhulupirira kuti ankanena zochokera mumtima, chifukwa si munthu wankhanza. Amjomba anandikokera pambali n'kundiuza kuti ndiganizire mwana. Ndinaganizira. Koma nditawayang'ana bambo a mwanawo atakhala pa mkeka paja, atanenepa pang'ono, atavala malaya amene sindinawasoke ine, ndinadziwa kuti sindidzathanso kumva mawu awo osadzifunsa kuti kumbuyo kwake kuli ndani. Ndinapempha kuti banja lithe, ndipo patatha sabata ziwiri anavomera.

Makasitomala akamadikira zovala zawo nthawi zina amandifunsa filimu yabwino yoti akaonere. Ndimawauza ya wokonza mawotchi ndi ya azimayi a pachitsime, ndipo palibe amene anabwerako n'kudandaula. Ineyo sindinaonerenso filimu mpaka kumapeto kuchokera chaka chimenecho. Ndimayamba, koma pakapita kanthawi ndimapeza kuti ndikukonza m'mutu zimene ndikanene ikatha, ndiye ndimazimitsa.

Mwana wathu tsopano ali sitandade 3. Bambo ake amamutumizira mauthenga pa foni yanga, ndipo ndimamupatsa kuti akamvere kuseri. Amabwerako akuthamanga ndi dzina la filimu ya tizidole, atalilemba pa chikhatho kuti asaiwale. Loweruka ndimapita naye pamsika kukaikitsa. Amakhala pansi pafupi ndi phazi langa, foni ili pa maondo, n'kumandikoka chitenje kuti amayi taonani, taonani. Ndimamuuza kuti aonere yekha adzandifotokozere, ine ndili ndi diresi la mkwatibwi loti lithe lisanafike Lachinayi.